Dzanja Limene Linasamukira pa Tsaya

Lachitatu, 12 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mvula ikugwa, denga la kukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja, ndipo Amayi akuikapobe beseni lomwe lija.

Mudabwa kuti ndakulemberani kalata chonsecho foni ndili nayo m'thumba. Chifukwa chake n'chakuti pafoni inu mumalankhula, ine n'kumangoti "inde achimwene, chabwino achimwene," mpaka mutadula. Ndi mmene tinakulira, ndipo sindikudandaula. Koma pepala silidula munthu pakamwa, ndiye mundipirire mpaka kumapeto. Nkhani ndi imodzi yokha: malo amene mwawapezera Bambo kuchipatala cha odwala maganizo, ndi galimoto imene mwati idzawatenga kumapeto kwa mwezi uno. Ndikukupemphani kuti muimitse zimenezi. Ndifotokoza chifukwa chake monga mmene ndinazionera ndi maso anga, osati monga mmene zinakufikirani kudzera kwa Azakhali.

Za ngozi mukuzidziwa. Makina ochekera matabwa anawatenga dzanja lamanja, ndipo madokotala anadula mkono pansi pang'ono pa chigongono. Inu munabwera, munaima pafupi ndi bedi manja anu onse ali m'matumba, kenako munabwerera kuntchito bandeji isanachotsedwe. Sindikukunenani, ntchito ndi ntchito. Ndikungokuuzani pamene munasiyira kuti ndiyambire pomwepo.

Bala linapola bwino. Masabata oyamba Bambo anatidabwitsa tonse. Anaphunzira kugwira supuni ndi dzanja lamanzere, ankamanga okha mabatani ngakhale ankayamba ndi lolakwika, ndipo ankaseka alendo. Pajatu munthu akalowa amatambasula dzanja lamanja osaganiza, ndiye akakumbukira amalibweza n'kuyamba kudzikanda m'mutu. Bambo ankati chidulireni mkono wawo, anthu onse a mumsewu mwathu anagwidwa nsabwe. Ine ndinkaona ngati zoopsa zatha.

Zinthu zinasintha tsiku limene anapita kukameta ndevu kwa a Chipeso. Mukuwakumbukira, wometa uja wa pafupi ndi pokwerera basi, amene wakhala akuwameta Bambo ife tisanabadwe. Ine kunalibe, koma ndinamva kwa eni ake pamene anandiitana kuti ndikawakonzere soketi.

"Mwana wanga, ine ndinapaka sopo bwinobwino monga mwa masiku onse," anatero a Chipeso. "Nditangoika lezala pa tsaya lamanja, munthu anakuwa ngati ndamuponda. Akuti, 'Chala changa! Mukundidula chala!' Anadzuka ndi mphamvu, phewa n'kugunda shelefu, galasi langa lalikulu lija phwaa pansi. Ine n'kugwera pa benchi, pa miyendo ya makasitomala. Ndinawafunsa kuti, 'Akulu, chala chiti?' Anayang'ana mkono wawo uja, anandiyang'ana ine, basi n'kutuluka."

Anayenda msewu wonse nsalu yometera ili m'khosi, theka la nkhope lili sopo yekhayekha, magazi akuchucha pamene lezala linawacheka. Unali usana, anthu ali m'mashopu mwawo. Palibe amene sanaone.

Kuyambira pamenepo sanametenso. Kumaso ankasamba mbali imodzi yokha, yakumanzere. Tsiku lina mvula inawapeza pabwalo, ndipo anathamangira m'nyumba ataphimba nkhope ndi chipewa, uku akukutumula mkono wodukawo monga mmene munthu amakutumulira dzanja lonyowa. Kenako panadza tsiku la nyenyeswa. Amayi anaona nyenyeswa za buledi m'ndevu zawo, n'kutambasula dzanja kuti awachotse. Bambo anawakankha mwamphamvu mpaka kapu inagwa patebulo, n'kukuwa kuti, "Musandikhudze!" Inu mukudziwa kuti m'nyumba muno sitinamvepo Bambo akuwakalipira Amayi. Amayi anatola zidutswa za kapu, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankangoika chakudya patebulo n'kubwerera kukhitchini. Iwo anaganiza kuti mwamuna wawo sakuwafunanso. Bambo nawo anasiya kulankhula. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, maso ali pa loko wa chitseko cha shedi yawo ya matabwa.

Zonsezi Azakhali anakuuzani, ndipo sananame. Chimene sanakuuzeni ndi zimene analankhula m'khitchini mwathu asanakuimbireni. Anawakumbutsa Amayi za bambo aang'ono aja, mng'ono wawo wa Bambo, amene anadwala mutu ali mnyamata n'kukathera kuchipatala. "Mulamu, izi zili m'magazi," anatero. "Zinayambanso chonchi, kulankhula ndi zinthu zosaoneka." Ankati akunong'ona, koma mukudziwa kunong'ona kwa Azakhali, amamva ndi a tsidya lina la msewu. Bambo anali pakhonde, zenera lili lotsegula.

Ndiye pamene munaimba n'kuwauza za malo aja, anangoti "Chabwino." Madzulo omwewo anatsitsa sutikesi yakale ija pamwamba pa wodirobu, analongedza malaya, thaulo ndi nsapato za kutchalitchi, anaitseka ndi bondo, n'kuiimika pafupi ndi chitseko cha pabalaza. Ine sindinatsutse. Ndinene zoona, nanenso ndinali ndi mantha, ndipo mawu a Azakhali anali atandilowa.

Chinandibweza maganizo ndi ntchentche. Linali Lamlungu masana, tikumwa tiyi patebulo, aliyense ali chete monga mmene tinazolowerera. Ntchentche inatera pa tsaya lamanja la Bambo, pamwamba pa ndevu. Dzanja lawo lamanzere linadzuka msanga n'kumenya, koma silinamenye tsaya. Linamenya patebulo, patsogolo pa mkono wodukawo, pamalo pamene dzanja likanakhala likanakhalapo. Ntchentche inali phee pa tsaya, ikupukuta miyendo yake. Inayenda n'kutsikira kuchibwano, ndipo Bambo anamenyanso patebulo pomwepo, koma chakumbali pang'ono.

Inu mumaseka ntchito yanga yokoka mawaya a magetsi m'nyumba za anthu, koma inandiphunzitsa chinthu chimodzi. Ukadina swichi kukhitchini babu n'kuyaka kubafa, sunena kuti nyumbayo yapenga. Umafunsa kuti wayayo wadzera kuti. Ndiye ndinafunsa.

"Bambo, ntchentche ija inatera pati?"

"Pa chala," anayankha asanaganize. Kenako anazindikira chimene anena, nkhope n'kusintha. "Iwe Mawaya, usamandifunse zopusa. Imwa tiyi wako."

Sabata yomweyo linali tsiku lawo lokaonedwa ku mafizo, kuja amakawongola ziwalo za anthu ovulala. Anali atajomba kangapo, koma ulendo uno ndinawauza kuti si bwino kuchoka osatsanzika anthu amene anawathandiza. Pa nkhani ya ulemu Bambo sakana. Amayi nawo anatiperekeza, atanyamula kachikwama kawo pamiyendo ulendo wonse osayang'ana munthu.

Amene amawaona kumeneko ndi mayi wina wamtali, wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Ndinamupeza pakhonde la chipinda chake n'kumuuza za ntchentche, za lezala ndi za mvula. Ndinkayembekezera kuti aseka kapena agwedeza mutu mwachisoni. Iye anangovula magalasi n'kunena kuti, "Zimenezi ndinaziwerenga kusukulu, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso. Aloweni."

Chipindacho n'chaching'ono: bedi lalitali, mipando iwiri, sinki, ndi mipira ya mphira m'bokosi. Anawakhazika Bambo pampando, anatenga kamtengo ka thonje kaja kotokosera m'khutu, n'kuwapempha kuti atsinzine.

"Ndizikukhudzani, inu muzinena pamene mwamva," anatero. "Nenani zonse, ngakhale zikhale zoseketsa. Muno mulibe wokusekani."

Anakhudza pamphumi. "Pamphumi," anatero Bambo. Anakhudza khutu. "Khutu." Anakhudza tsaya lamanzere. "Tsaya." Kenako anakhudza tsaya lamanja, pansi pa diso pang'ono. Ndinaona thukuta likutuluka pamphuno pa Bambo.

"Mwamva pati, bambo?"

"Pa tsaya."

"Pokhapo?"

Anayankha motsitsa mawu, ngati munthu wovomera mlandu. "Ndi pa chala chachikulu."

"Zikomo. Nanga apa?" Anali atakhudza pamwamba pa mlomo.

"Chala cholozera."

"Apa?"

"Kachala kakang'ono." Apo panali pachibwano.

Mayi uja anafuna kuika zizindikiro kuti asaiwale, koma bolopeni inkakana kulemba pakhungu. Amayi anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa pensulo yawo ya nsidze. Ndiye taganizirani, achimwene: bambo anu, mmisiri woopedwa ndi anyamata onse amene anawaphunzitsa ntchito, atakhala tsonga, maso ali chitsinzinire, nkhope yonse ili timizere ta pensulo ya akazi awo pakati pa ndevu. Mayi uja anabwerezabwereza, akusintha dongosolo kuti awasokoneze, koma mayankho sanasinthe. Pomaliza anadontheza madzi ofunda pa tsaya. Dontho likutsika, Bambo anati, "Akuyenderera m'chikhatho. Afika pamene ndinkamanga wotchi."

Atatsegula maso anadziona pagalasi la pamwamba pa sinki. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti zayambadi."

"Zayamba ziti, bambo?"

"Za mng'ono wanga zija. Mwaona nokha. Munthu wabwinobwino samva chala chimene chinatayidwa kalekale."

Mayi uja anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Ndiyesa kulemba zimene ananena monga mmene ndinazimvera, ndipo ngati ndalakwitsa pena, kulakwitsako ndi kwanga.

Anati m'khungu monse muli timitsempha tating'onoting'ono tomvera. Pakakhudza chinthu, kamtsempha ka pamalopo kamatumiza kugunda kwa magetsi ochepa kwambiri, n'kumayenda kulowera kumutu. Sikuti ndi ulusi umodzi kuchokera kuchala mpaka ku ubongo ayi. Ndi timaselo tolandizana, amati manyuroni, ndipo pamene kena kathera ndi pamene kena kayambira pamakhala kampata. Uthenga ukafika pamenepo, koyambako kamalavula timadzi tina take, kachiwiriko kakatilandira n'kuyamba kugunda nakonso. Zimachitika msanga kuposa kuphethira.

Kenako ananena chinthu chimene chandikhala m'mutu mpaka lero. Anati kugunda kumeneku n'kofanana konsekonse. Kochokera kuchala, kochokera kuphazi, kochokera m'diso, konse ndi kugunda basi. Ukakhudzidwa mwamphamvu kumabwera mothithikana, ukakhudzidwa pang'ono kumabwera patalipatali, koma sikunyamula dzina la kumene kwachokera. Ubongo umadziwa kuti ichi ndi chala chifukwa cha malo amene uthengawo wafikira. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kamene thupi lonse linagawana malo ngati mapuloti, phazi pake, mimba pake, dzanja pake. Koma kagawidwe kake sikatsata mmene thupi limaonekera kunja. M'menemo puloti ya dzanja inachita malire ndi puloti ya nkhope.

"Dzanja lanu litachoka, puloti yake inatsala yopanda uthenga," anatero. "Koma timaselo ta pamenepo sitinafe, ndipo sitikonda kukhala chete. Ndiye mauthenga a kwa neba, a kunkhope, anayamba kudutsa malire. Tsono timaselo timeneti moyo wanu wonse timadziwa mawu amodzi okha. Chilichonse chikatidzutsa, timati: dzanja."

Bambo anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anafunsa ngati mmene amafunsira munthu wowagulitsa thabwa lokayikitsa. "Nanga poti dzanjalo palibe, akumvayo ndani?"

"Dzanja silinamvepo kanthu chibadwire chanu, bambo. Linkangotumiza. Womva ali m'mutu mwanumu, ndipo ameneyo macheka sanamukhudze."

Ine pofuna kuoneka wanzeru ndinalowererapo ndi nkhani yanga ya swichi ya kukhitchini. Mayi uja anamwetulira n'kunena kuti ndayandikira, koma pali kusiyana kuwiri. Koyamba, apa palibe amene analumikiza molakwika. Kachiwiri, mawaya anga amakhala mmene ndawasiyira, pamene ubongo umasintha njira zake wokha munthu ali moyo. Bambo anandiyang'ana chammbali n'kuti, "Wamva, Mawaya? Si zonse zili za magetsi." Kanali koyamba kundiseka chichitikireni za kwa a Chipeso.

Kuti musaganize kuti ndikukometsa nkhani, ndilembanso zina zimene ananena. Anati si aliyense wodulidwa mkono amene zimamuchitikira pa tsaya chonchi, ngakhale ambiri amamvabe chiwalo chimene chinachoka. Anati akatswiri akadakanganabe za malo enieni amene mauthengawo amadutsira. Anati mwina zidzazilala, mwina zidzakhala, iye sangalonjeze. Anaitananso dokotala wamkulu, amene anawafunsa Bambo mafunso ambirimbiri, za tulo, za kudya, za ngati amamva mawu a anthu osaoneka. Onse awiri anagwirizana kuti matenda a bambo aang'ono aja sakuwaona. Anati akanawaona akananena mosabisa, chifukwa ndi matenda ngati ena onse ndipo ali ndi chithandizo chake. Chimene anaona ndi chisoni chachikulu ndi mantha, ndipo akufuna kuti Bambo azikaonana ndi mlangizi wa za maganizo pachipatala pomwepo, akuchokera kunyumba n'kubwerera kunyumba.

Apo m'pamene Bambo anaulula china chimene palibe ankachidziwa. Anati chichitikireni ngozi, dzanja losaonekalo lili chifumbatire, ngati likadagwirabe thabwa lija, zikhadabo zitalowa m'chikhatho. Anati limapweteka usana ndi usiku, ndipo m'chikhathomo mumayabwa koma alibe pokanda. Miyezi yonseyi munthu ankakhala pakhonde paja akulimbana ndi zimenezi, ife n'kumati akuyang'ana loko. Mayi uja anawaonetsa bokosi lina lokhala ndi galasi pakati. Umaika dzanja labwinolo mbali imodzi, ndipo pagalasi limaoneka ngati dzanja linalo labwerera. Ukamatambasula zala uku ukuyang'ana, maso amauza ubongo kuti dzanja lija latambasuka, ndipo ena ululu umawachepera. Anati tingathe kukhoma lathu kunyumba. Bambo analizunguza bokosilo, anayendetsa chala m'makona mwake, n'kufunsa kuti analikhoma ndani. Sananene zambiri, koma inu mukuidziwa nkhope imene amapanga akaona msomali pamalo pofunika guluu.

Titafika kunyumba dzuwa linali likadalipo. Bambo anakhala pampando wawo pabalaza, timizere tija tili kumaso, chifukwa m'basi monse anakana kutipukuta. Amayi analowa kukhitchini, anabwera ndi kansalu ndi madzi ofunda m'mbale, n'kuima patali pang'ono.

"Bambo a Kautuchi, ndikupukuteni?"

Pepani achimwene, ndikudziwa kuti kuntchito kwanu amakutchulani bwana, koma m'nyumba muno mukadali Kautuchi, mwana amene ankagona m'mulu wa utuchi.

Bambo anagwedeza mutu kuvomera. Amayi anayamba kupukuta, choyamba pachibwano, kenako pamlomo. Atafika pakati pa tsaya, Bambo anagwira mpando.

"Pamenepo. Takandani pamenepo."

"Apa?"

"Chakumunsi pang'ono. Eya, pomwepo. Mayi inu, pakhala pakundiyabwa chichokereni kuchipatala."

Amayi anakanda. Anakanda nthawi yaitali, Bambo atatsinzina, akupuma ngati munthu amene watula katundu. Atamaliza sanachotse dzanja, analisiya pa tsaya pomwepo. Patapita kanthawi Bambo anati, "Zala zikumasuka."

"Nanga tsiku lija munandikankhiranji?" anafunsa Amayi.

"Munandigwira dzanja. Ndinamva bwinobwino kuti mwandigwira dzanja, chonsecho ndikuona kuti palibe. Ndinaopa kuti ndikanena, muyamba kundiopa."

"Ine kukuopani inu? Zaka zonsezi ndakhala ndikumva mkonono wanu osathawa, ndiye ndithawe chala?"

Pamenepo ine ndinatuluka kukayang'ana mita ya magetsi, ngakhale inalibe vuto lililonse.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zapepukako. Sindinena kuti zatha. Ululu umabwerabe, makamaka kukazizira, ndipo pali masiku amene salankhula mpaka masana. Koma akusamba nkhope yonse. Kwa mlangizi apitako, ndipo pobwera anati mnyamatayo amafunsa mafunso ngati wapolisi koma ndi waulemu. A Chipeso anabwera Loweruka ndi zida zawo kudzawameta pakhonde, ndipo Bambo ankawalondolera njira. "Tsopano muli pa chala chachikulu, pang'onopang'ono. Apo mwalowa m'chikhatho." A Chipeso anagwira lezala m'mwamba n'kuti, "Akulu, zaka zonsezi ndimadziyesa wometa ndevu, kani ndimawenganso zikhadabo!" Anaseka onse awiri mpaka sopo anauma. Za galasi losweka lija palibe anazitchula.

Azakhali okha sanasunthike. Nditawafotokozera anati, "Madokotala a masiku ano, kumujambula munthu wamkulu kumaso ndi pensulo ya azimayi, ndiye mwati wachira? Mudzandikumbuka." Sindikuwada. Iwo ndi amene anaperekeza mlongo wawo wamng'ono uja kuchipatala kalelo, ndipo mantha amenewo sanawachoke.

Tsono nayi nkhani imene ndalembera kalatayi. Sutikesi ija ikadali pachitseko. Amayi akamasesa amaisuntha, akamaliza Bambo amaibwezera pomwepo. Ndinagula galasi la bokosi lija, ndinatsegula shedi, ndinasankha matabwa, n'kuwauza kuti iwo aziyeza ndi kulamula, ine ndizicheka. Anabwera mpaka pakhomo la shedi, ananunkhiza fungo la matabwa, koma sanalowe. Anati munthu sayamba ntchito imene sadzaimaliza.

"Bambo, simukupita kulikonse," ndinatero. "Madokotala anena. Tiyeni timasule sutikesi."

"Mchimwene wako ndiye anakonza zimenezi," anayankha. "Anavutika, anapempha anthu, anachita manyazi chifukwa cha ine. Ndimunyoze? Komanso iye anaphunzira kuposa tonse muno. Mwina akuona zimene ife sitikuona. Akanena yekha kuti ndikhale, ndikhala."

Mwamva, achimwene. Mayi wa mafizo wanena, dokotala wamkulu wanena, Amayi anena, ine ndanena mpaka pakamwa kuuma. Onsewa amawamva, koma pansi pa mtima akadali ndi kachikaiko kakuti mwina Azakhali akunena zoona, ndipo kachikaikoko kakukhala ndi moyo chifukwa inu simunabweze mawu anu. Galimoto ikabwera adzakwera. Adzavala nsapato za kutchalitchi zija, adzatsanzika mwaulemu, ndipo akadzafika kumeneko adzakhulupirira kuti ndi kwawo. Ngakhale atadzawabweza patapita sabata, munthu amene adzabwere sadzakhala yemweyu. Zimenezi zimandiopsa kuposa mmene ndingalembere.

Sindikuti munalakwa. Munamva zimene munamva muli kutali, ndipo munachita zimene mwana wamkulu amachita. Pempho langa ndi lakuti muimbe foni. Musaimbire ine, musaimbire Azakhali. Muwaimbire iwo, muwauze ndi pakamwa panu kuti amasule sutikesi. Mukafuna kumva kwa dokotala kaye, nambala yake ndikupatsani, anavomera kulankhula nanu. Koma musachedwe, mwezi uno ndi waufupi.

Amayi akupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa adzukulu awo. Akuti majuzi amene anawalukira ana aja ngati athina muwauze, ulusi ulipo. Akutinso pensulo yawo ya nsidze inathera pa nkhope ya bambo anu, ndiye mukamabwera mukudziwa chowagulira. A Chipeso akuti moni, ndipo akufunsa ngati dazi layamba. Azakhali sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, koma akanadziwa akanapereka moni, choncho landirani.

Bambo ndinawauza kuti ndikukulemberani, ngakhale sindinawauze zimene ndikulemba. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu. Anati, "Umuuze kuti ndalongedza kale, asade nkhawa, sindidzavuta pa tsikulo." Ndinalemba. Kenako anati, "Umuuzenso kuti chala chija ankachigwira podutsa msewu popita kusukulu chilipo. Dzanja lonse linkamukulira, ndiye ankangogwira chachikulu chokha. Umuuze kuti sichinatayike."

Tsiku limene mudzabwere, ndikudziwa kuti mudzaima pakhomo manja ali m'matumba ngati kuchipatala kuja, osadziwa kuti mupereke liti. Musadzavutike. Chili pa tsaya lamanja, pansi pa diso pang'ono. Ine ndinachigwira dzulo, atandiuza okha. Anati ndikufinya kwambiri, ngati kale.

Ndine mlongo wanu,

Mawaya